Mtendere Subwera pa Galimoto la Asilikali

Chiphedwereni asilikali atatu a dziko lino kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo mu Januwale 2025, pa nkhondo imene gulu la zigawenga la M23 linalanda nayo mzinda wa Goma, mtsutso wa zotumiza ana athu kukasungitsa mtendere kunja sunazirale. Nkhaniyi ikumveka pa wailesi, m'minibasi, pa Facebook ngakhalenso pamaliro. Ena akuti a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anachita bwino polamula mu Febuluwale kuti asilikaliwo akonzeke kubwerera kumudzi. Ena akuti bungwe la SADC linadzichotsa ulemu pamene linathetsa ntchito ya gulu lake lankhondo la SAMIDRC mu Malichi, chifukwa linasiya anthu wamba m'manja mwa zigawenga. Palinso amene akuti nkhani za mtendere masiku ano tingozisiyira America ndi Qatar, mayiko amene ali ndi ndalama ndi mphamvu zokhazika adani pansi.

Ine mbali yanga ndi iyi: njira imene mayiko akhala akutsata pomanga mtendere kwa zaka zoposa 30, yotsogoza asilikali ndi mapangano osainidwa m'mahotela akutali, yafika pamapeto ake, ndipo tisalole kuti ipitirire kuyesedwa ndi magazi a ana athu. Mtendere amaumanga ndi eni nthaka, pothetsa milandu imene inautsa nkhondoyo. Ntchito ya mlendo ndi kuthandiza ndi ndalama zokhalitsa, kutchinjiriza anthu pamene zokambirana zili mkati, ndiponso kufinya amene akudyera pa nkhondoyo. Msilikali atumizidwe pokhapokha pali zokambirana zenizeni zoti akazilondere. Tikamutumiza kuti akalowe m'malo mwa zokambiranazo, ndiye kuti tamutuma kukafera mlandu umene andale akuuzemba.

Choyamba tione kukula kwa vutoli, chifukwa si la Congo yokha. Ofufuza a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden anapeza kuti m'chaka cha 2024 munali nkhondo 61 zokhudza maboma, ndipo chiyambire 1946 zinali zisanachulukepo chotere. Nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo inati pofika kumapeto kwa 2024 anthu oposa 120 miliyoni anali atasamutsidwa mokakamizidwa padziko lonse. M'chaka chomwecho cha 2024 mayiko anawononga madola oposa 2,700 biliyoni pa zida ndi asilikali, pamene ntchito yonse ya United Nations yosungitsa mtendere sinafike ngakhale madola 6 biliyoni. Pa nkhondo za ku Ukraine ndi ku Gaza khonsolo ya chitetezo ya bungweli yakhala ikumangika manja, popeza dziko limodzi mwa asanu amene ali ndi mipando yokhazikika m'khonsoloyi likakana, chigamulo chimafera pomwepo. Ku Sudan anthu mamiliyoni athawa m'nyumba zawo kuyambira mu Epulo 2023 ndipo kulibe gulu losungitsa mtendere. Ku Mali boma linauza asilikali a United Nations kuti anyamule katundu wawo, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 anali atachoka. Choncho amene akufuna kuti tingopitiriza monga kale adziwe kuti zakalezo zikugwa zokha.

Komabe phunziro lalikulu kwa ife lili ku Congo, chifukwa kumeneko tinapereka anthu athu. Asilikali a United Nations anayamba kupita m'dzikolo mu 1999, pa dzina la MONUC, lomwe linasinthidwa kukhala MONUSCO mu 2010. Kwa zaka zambiri ntchitoyi yakhala ikudya madola oposa biliyoni imodzi pachaka. Patatha zaka zonsezi kum'mawa kwa dzikolo kudakali magulu a zida oposa 100, ndipo mu Julaye 2022 anthu a ku Goma ndi ku Butembo anachita zionetsero zothamangitsa asilikali omwewo amene anabwera kudzawateteza, mpaka anthu ambiri kufa. Munthu amene wagona patchire chifukwa choopa zigawenga, m'mawa n'kuona galimoto loyera likudutsa mumsewu osaima, simungamuuze kuti dziko lapansi likumuganizira.

Chifukwa chake si ulesi kapena mantha a asilikaliwo. Zimene zikuyatsa moto m'chigawo cha North Kivu, komwe kuli Goma, ndi zinthu zomwe mfuti singazifikire. Pali nkhani ya malo m'madera a Masisi ndi Rutshuru, kumene atsamunda a ku Belgium anasamutsirako mabanja ambiri ochokera ku Rwanda kuti azigwira ntchito m'minda yawo. Pali nkhani ya unzika: lamulo la 1972 linawapatsa anthu olankhula Chinyarwanda unzika wa dzikolo, lamulo la 1981 linabweza zambiri mwa zimenezo, ndipo kuyambira pamenepo funso loti mwini nthaka ndani lakhala likuyankhidwa ndi zikwanje. Pali nkhani ya anthu amene anapha anzawo ku Rwanda mu 1994 n'kuthawira ku Congo, amene otsala awo ali m'gulu la FDLR, lomwe boma la Rwanda limatchula nthawi zonse likamafotokoza zochita zake. Ndiye pali migodi. Mu Epulo 2024 gulu la M23 linalanda Rubaya, dera limene kumachokera mwala wa coltan wopangira zipangizo za m'mafoni amene tili nawo m'matumbamu, ndipo akatswiri a United Nations analemba kuti gululi limatolera msonkho pa mwalawo ndipo umatulukira ku Rwanda. Akatswiri omwewo analembanso kuti asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000 anali mkati mwa Congo. Ndifunse: mwa milandu inayi imeneyi, ndi uti umene msilikali wochokera ku Kamuzu Barracks kapena ku Cobbe Barracks angauthetse?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti tinaonapo kale mapeto a njira imeneyi, ndipo asilikali athu anachita mbali yawo mosaperewera. M23 italanda Goma koyamba mu Novembala 2012, United Nations inakhazikitsa mu Malichi 2013 gulu lapadera lololedwa kuthira nkhondo zigawenga, la asilikali a ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Pofika Novembala chaka chomwecho M23 inali itagonja, ndipo ankhondo ake anathawira ku Uganda ndi ku Rwanda. Mu Disembala kunasainidwa zikalata ku Nairobi zolonjeza chikhululukiro kwa oyenera, kubwerera kwa ankhondowo kwawo ndi kubwerera kwa othawa nkhondo. Asilikali anali atawagulira andale nthawi, koma andalewo anaigonera. Zambiri mwa zimene zinalonjezedwa sizinachitike, ndipo chakumapeto kwa 2021 M23 inatulukiranso m'mapiri omwe aja. Dzina lenileni la gululi likuchokera pa pangano la pa 23 Malichi 2009 limene iwo amati boma silinakwaniritse. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo uwu wakhala zaka zoposa 15 uli wauwisi.

Aliyense amene anaonako mkangano wa malire a munda kumudzi akudziwa zimene ndikunena. Mabanja awiri akatengerana makasu ndi nkhwangwa, apolisi akhoza kubwera kudzaleretsa, ndipo amachita bwino kutero. Koma apolisiwo sangamange msasa m'mundamo mpaka kalekale. Amene amathetsa nkhaniyo ndi bwalo la amfumu, pamene ankhoswe ndi akuluakulu okumbukira pomwe panali mtengo wa malire amakhala pansi, mbali zonse n'kulankhula mpaka kukhuta, kenako n'kupita limodzi kukadzala khonje pamalirewo. Bwalo likapanda kukhala, tsiku limene galimoto la apolisi lachoka nkhwangwa zimatulukanso.

Chitsanzo cha njira ina sitichifunafuna patali, chili kuseri kwa msewu. Amene amayenda pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambique, anaonapo mabwinja a magolosale tsidya linalo, makoma opanda madenga amene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inasiya. Nkhondoyo inatha zaka pafupifupi 16, inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Malawi inasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, mwakuti ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Imene inathetsa nkhondoyo si nkhondo ina. Anali anthu ochepa odekha mtima: gulu la akhristu wamba la Sant'Egidio ku Rome, m'modzi mwa iwo wansembe Matteo Zuppi, phungu wa ku Italy a Mario Raffaelli, ndi mwana wa m'dzikomo, Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, amene mbali zonse ziwiri zinamuvomereza. Zokambirana zinayamba mu Julaye 1990 ndipo zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, kukumana ndi kubalalika kambirimbiri, mpaka mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo a Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo a Afonso Dhlakama anasaina pangano pa 4 Okutobala 1992. Asilikali a United Nations anabwera pambuyo pake kudzalondera pangano limene eni ake anali atalivomereza kale. Anathandiza kulanda zida, kunakhazikitsidwa thumba la ndalama lothandiza Renamo kusanduka chipani, chisankho chinachitika mu Okutobala 1994, ndipo alendowo anapita kwawo.

Ntchito ina inachitika m'midzi, popanda makamera. Kuyambira 1995 bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkalandira mfuti zimene anthu anakwirira n'kumawapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Taganizani munthu amene anatengedwa ali mnyamata, zaka zonse za unyamata wake n'kuthera m'tchire, akufukula mfuti kuseri kwa nkhokwe, kuikulunga m'thumba, n'kubwerako atakwera njinga yoti azikagulitsira makala kumsika. M'midzi yambiri obwera kunkhondo ankayamba asambitsidwa mwa mwambo asanalowe m'nyumba, kuti magazi a kunkhondo atsale kunja ndipo abale awalandirenso ngati anthu. Palibe chigamulo cha ku likulu la United Nations ku New York chimene chikanalamula zimenezi.

Sindikunena kuti ku Mozambique zonse zinayenda bwino. Mfuti zinaliranso mu 2013, ndipo mu 2016 tinaona anthu masauzande akuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Koma ngakhale kubwereraku kukuchitira umboni mfundo yomweyi. Nkhondo inabwerera chifukwa cha zimene zinasiyidwa osamaliza: ankhondo akale a Renamo amene anakalamba opanda penshoni, ndi madandaulo akuti zigawo zimene chipanicho chinkapambana zinkalamulidwabe kuchokera ku Maputo. Pangano la mu Ogasiti 2019 pakati pa a Filipe Nyusi, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, ndi a Ossufo Momade a Renamo linakhudza zinthu zimenezi, ankhondo oposa 5,000 anatula zida, ndipo msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa unatsekedwa mu Juni 2023. Penshoni ya nkhalamba imene inagwirapo mfuti imaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma ndi pa zinthu zoterezi pamene mtendere umaima kapena kugwa.

Tsopano ndiyankhe amene akutsutsa, ndipo ndiyambe ndi amene mfundo yawo ndi yolemera kuposa onse. Iwo akuti: mukachotsa asilikali, ndani ateteze mayi ndi mwana usiku uno, pamene inu mukudikira zokambirana za zaka ziwiri? Amatikumbutsa za Rwanda mu Epulo 1994, pamene United Nations inachepetsa asilikali ake kufika pa 270 kuphana kuli mkati, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Amatikumbutsanso kuti ku Namibia, Sierra Leone ndi Liberia asilikali osungitsa mtendere anathandizadi. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindikufuna kuti wina andimve ngati ndikupeputsa ntchito ya msilikali. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi m'modzi anafa pafupi ndi Beni ku Congo polimbana ndi gulu la zigawenga la ADF. M'modzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, mnzakeyo n'kukhala ndi moyo, ndipo mu 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo yapamwamba koposa ya kulimba mtima. Anthu otere tiyenera kuwalemekeza posawatumiza mwachisawawa. Yankho langa ndi lakuti pamene anthu akuphedwa mwaunyinji, kutumiza asilikali mwachangu ndi udindo wa dziko lonse lapansi, ndipo apite ndi zida zokwanira. Koma ku Namibia, Sierra Leone ndi Liberia kunali pangano ndi njira yandale imene asilikaliwo ankaiteteza. SAMIDRC inapita mu Disembala 2023 kukalowa m'malo mwa asilikali a mayiko a kum'mawa kwa Africa, amene boma la Congo la a Félix Tshisekedi linawabweza chifukwa sankafuna kumenyana ndi M23. Inapita kukamenya nkhondo kumbali ya boma limene panthawiyo linkakaniratu kukhala pansi ndi gululo, ilibe ndege zankhondo zokwanira, moyang'anizana ndi mdani wothandizidwa ndi dziko loyandikana nalo. Mapeto ake asilikali 14 a ku South Africa anafa pamodzi ndi athu ndi a ku Tanzania, otsala anazingidwa m'misasa yawo ku Goma ndi ku Sake, ndipo anatuluka podzera m'dziko la Rwanda lomwelo. Goma inagwa, Bukavu inagwa mu Febuluwale 2025, ndipo mayi ndi mwana aja sanatetezedwe. Patangopita milungu yochepa boma la Congo linavomera zokambirana zimene linkazikana.

Gulu lachiwiri likuti nthawi ya United Nations ndi SADC yatha, ndipo amene angabweretse mtendere ndi mayiko amphamvu ochita malonda. Amaloza ku Doha, kumene mfumu ya Qatar inakumanitsa a Tshisekedi ndi a Paul Kagame, mtsogoleri wa Rwanda, mu Malichi 2025, ndi ku Washington, kumene nduna za Congo ndi Rwanda zinasaina pangano pa 27 Juni chaka chomwecho. Akuti zimene Angola, yomwe inali mkhalapakati, inalephera kwa zaka, awa anazichita m'miyezi. Mfundoyi ili ndi choona chake, ndipo choonacho ndi chakuti mayiko amphamvu ali ndi chingwe chimene ife tilibe. Mu 2012 America, Britain, Germany ndi Netherlands ataimitsa thandizo lina lopita ku Rwanda, M23 inafooka, ndipo zimenezi zinathandiza kuti igonje chaka chotsatira. Imeneyo ndiyo ntchito yoyenera mlendo wamphamvu: kutseka mpopi wa ndalama ndi zida. Vuto limabwera pamene wamphamvuyo wabwera ndi njala yakeyake. Pangano la ku Washington linamangidwa pamodzi ndi chiyembekezo choti makampani a ku America apeze njira yofikira migodi ya Congo. M23, yomwe ili ndi mfuti ku Goma, sinali pa tebulo limenelo, ndipo mlimi wa ku Masisi amene munda wake uli pakati pa mlanduwu sanafunsidwe kanthu. Kumenyana kunapitirira pangano litasainidwa. Mayiko a ku Ulaya nawonso anasaina mgwirizano wa za miyala ya mtengo wapatali ndi Rwanda mu Febuluwale 2024, nkhondo ili mkati, kenako patatha chaka n'kuika chilango pa kampani yoyenga golide ya ku Kigali. Mtendere umene maziko ake ndi mgodi umadalira mtengo wa mwalawo ndiponso zofuna za mtsogoleri amene ali pampando kutsidya kwa nyanja, ndipo zonse ziwirizi zimasintha. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, taona zofanana: asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu Julaye 2021, patangopita miyezi yochepa zigawenga zitaukira Palma pafupi ndi ntchito ya gasi ya kampani ya TotalEnergies, chikhalirecho anthu anali akuphedwa kuyambira mu Okutobala 2017. Madera oyandikana ndi gasiyo anatetezedwa, koma madandaulo a achinyamata osowa ntchito ndi a anthu ochotsedwa pamalo awo akadalipo, ndipo zigawengazo sizinathe.

Achitatu akuti zimene ndikunenazi ndi maloto. Akuti mafumu, amayi a m'mipingo ndi makomiti a m'midzi sangaimitse mizinga ya mayiko awiri, komanso mafumu ena ndi omwewo amene amagulitsa malo kawiri ndi kudalitsa magulu a zida a mtundu wawo. Mbali yachiwiriyi ndi yoona, ndipo ifenso kuno tikuwadziwa mafumu okonda chiphuphu. Sindikunena kuti aliyense wa kumudzi ndi woyera mtima, kapena kuti bwalo la pansi pa mtengo lingalowe m'malo mwa zokambirana za ku Kinshasa ndi Kigali. Ndikunena kuti pangano la kumwamba lopanda mizu pansi limauma msanga, ndipo mbiri ikuonetsa zimenezi. Mu 1993, pamene asilikali akunja masauzande ambiri ankalephera kukhazikitsa bata ku Mogadishu, akuluakulu a mafuko a kumpoto kwa Somalia anakhala pansi ku Borama kwa miyezi ingapo, podalira kwambiri chuma chawo chomwe, ndipo dera la Somaliland lakhala pa bata kuposa kum'mwera kwa zaka zambiri. Chaka chomwecho amayi a ku Wajir, kumpoto kwa Kenya, m'modzi mwa iwo Dekha Ibrahim Abdi, anayamba ndi kuthetsa mikangano ya pamsika mpaka anakhazika pansi akuluakulu a mafuko amene ankaphana. Mu 2003 amayi a ku Liberia, achikhristu ndi achisilamu pamodzi, anakhala pakhomo la chipinda cha zokambirana ku Accra n'kukana kuti amuna atuluke asanamvane. Ifenso sitinasinthe kuchoka ku chipani chimodzi ndi asilikali akunja. Kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992 ndi bungwe la Public Affairs Committee ndizo zinatsegula njira ya riferendamu ya 1993, pamene mayiko otithandiza anachita mbali yawo poimitsa thandizo. Ntchito zotere zimadya ndalama zochepa kwambiri poziyerekeza ndi mtengo wa gulu limodzi la asilikali, koma ndi zomwe zimasowa wozilipirira. Zikapeza thandizo limakhala la chaka chimodzi kapena ziwiri, la misonkhano ya m'mahotela ndi malipoti, pamene kuyanjanitsa midzi iwiri imene inaphana kumafuna zaka khumi.

Otsiriza ndi amene akuti nkhondo za eni tizisiye, tili ndi njala yathu. Awa ndiwayankha mwachidule, chifukwa Dzaleka yawayankha kale. Msasa umene uja wa ku Dowa unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Congo, ndipo chakudya chawo chakhala chikudulidwa chifukwa thandizo lakunja likuchepa. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wathu ankazungulira mtunda wautali ndipo aliyense analipira pa mtengo wa sopo ndi mchere. Chakumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho m'dziko lomwelo zinasokoneza mayendedwe a mafuta ndipo anthu masauzande anaolokeranso ku Nsanje. Dziko lopanda doko ngati lathu silingakhale pa mtendere lokha.

Ndiye tichite chiyani? Poyamba, Nyumba ya Malamulo izikambirana poyera asilikali asanatumizidwe kunkhondo ya kunja, ndipo boma liziyankha mafunso omveka: kodi pali zokambirana ziti zimene asilikaliwa akukateteza, ndani akulipira ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, akavulala atulutsidwa bwanji, ndipo chidzasonyeze n'chiyani kuti ntchito yatha? Funso la ndalama si lachibwana. Gulu la SADC linachoka ku Cabo Delgado mu Julaye 2024 nkhondo isanathe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kusowa kwa ndalama. Mu Disembala 2023 khonsolo ya chitetezo ya United Nations inavomereza kuti ikhoza kulipira mpaka magawo 75 pa 100 aliwonse a ndalama za ntchito za mtendere zotsogozedwa ndi African Union, koma lonjezolo lachedwa kusanduka ndalama zenizeni. Ndikudziwanso kuti kwa msilikali wamba ulendo wa kunja ndi mwayi womanga nyumba ndi kulipirira ana sukulu, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Cholakwa chingakhale boma kuona ndalama zimenezo ngati chifukwa chovomerera ntchito imene ilibe mutu.

Chachiwiri, mawu a Malawi ku SADC ndi ku African Union akhale okakamira kuti gawo lenileni la ndalama za mtendere lipite ku makhoti a malo, ku penshoni ndi ntchito za otula zida, ku kubwerera kwa othawa kwawo, ndi kwa amkhalapakati amene anthu a m'deralo amawakhulupirira. Kuti mawu amenewa amveke tiyambe kwathu kuno: tili ndi lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 ndi komishoni yake, ndipo makomiti ake a m'maboma ayenera kupatsidwa ndalama zogwirira ntchito chaka chilichonse, osati kukumbukiridwa chisankho chikayandikira.

Ku Congo komweko amkhalapakati otere alipo kale. Maepiskopi achikatolika a m'bungwe la CENCO ndiwo anayanjanitsa boma ndi otsutsa pa 31 Disembala 2016, pamene a Joseph Kabila anapitirira nthawi yawo pampando. Kumayambiriro kwa 2025 maepiskopi omwewo pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina ya m'bungwe la ECC anayamba kuyendera mbali zonse, anapita ku Goma kukakumana ndi atsogoleri a oukirawo, anakaonana ndi a Kagame, ndipo anapempha kuti Akongo onse akhale pansi akambirane za malo, unzika ndi kayendetsedwe ka dziko lawo. Ena a m'boma la Kinshasa anawanyoza kuti akudya ndi adani, monga momwe ena ankakayikira a Gonçalves pamene ankapita kutchire kukaonana ndi a Dhlakama. Ngati SADC ikufunadi kubwerera ku Congo, iyambe ndi kuuza a Tshisekedi, omwe dziko lawo ndi membala wa bungweli, kuti atsegule khomo la zokambirana zimenezo, ndipo iperekeko ndalama ndi anthu odziwa kuyanjanitsa, kuphatikizapo atsogoleri a mipingo ndi achisilamu a kuno amene anaigwirapo ntchito yotere mu 1992 ndi 1993.